Utoto Wowala ndi Matewera a Tamanda

Lolemba, 12 Januwale

Thewera lina lasowa. Latsopano, lofewa lija ndinagula ku Boma. Dzulo linali pachingwe, lero palibe. Amake Tamanda akuti, "Mwina mphepo." Mphepo yanji yosankha atsopano okhaokha, ong'ambika n'kuwasiya?

Sindikulirira nsalu. Nsalu imagulidwa. Koma thewera la mwana silisowa chabe, aliyense akudziwa. Munthu wa mtima woipa akalitenga, mwana amangoyamba kuwonda, kuchipatala osapeza kanthu. Tamanda ndi wonenepa, masaya ngati mandasi, wayamba kukwawa. Ndikufuna akhalebe choncho.

Vuto ndi lakuti ndine mkamwini. Nyumba ili pamalo pa apongozi. Chingwe choyanikira ndi cha apongozi. Mtengo wa mango womwe chingwecho chamangidwapo ndi wa apongozi. Mkamwini safunsa kuti watenga ndani. Amalima, amasenza, amathokoza. Apongozi akamabwera njira iyi, ine ndimapatukira njira iyo, monga mwa mwambo.

Amene ndikuwakayikira:
mbuzi ya mlamu Felesiya
mlamu Felesiya mwini wake, poti kamnyamata kake kamanyowetsa ngati mvula ya mwezi uno
wina amene sindikufuna n'kumuganizira komwe

Kuntchito zili bwino. Ganyu wanga ndi wa ku labu, kachipinda kuseri kwa ofesi ya esiteti, momwe mayi wina, a Dokotala, akufufuza matenda ofotetsa fodya. Si adokotala a anthu, ndinafunsa kale za chifuwa cha Tamanda. Ine ndimatsuka timabotolo, ndimakolopa, ndimakatenga masamba odwala kumunda pa njinga, m'bokosi lozizira.

Lero andiitana. "Bwerani muone, bambo a Tamanda." Atseka makatani. Ndaika diso pa maikulosikopu. Mdima. Kenako tinthu tobiriwira towala ngati ziphaniphani za kudambo, apa ndi apo tofiira. Akuti ndi kachidutswa ka tsamba la fodya, ndipo powalapo ndi pomwe kachirombo kabisala. Kachiromboko pakokha sikaoneka, ndiye amakapaka utoto wowala. Utoto wina umagwira puloteni, yomwe akuti ili ngati malaya ake. Wina umagwira kaulusi ka m'kati, kachibale ka DNA ija amayezera ana okanidwa ndi abambo awo.

"Ukawalitsa nyali yake," atero a Dokotala, "wakuba amaonekera yekha."

Wakuba amaonekera yekha. Ndabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Lachiwiri, 13 Januwale

Ndapempha utoto.

Wa m'filiji andikaniza. Uli m'kabotolo kochepa ngati chala cha Tamanda, kokutidwa ndi pepala lonyezimira. Akuti ndi wodula, unachokera kutali, komanso umaopa kuwala, ukauika padzuwa umafa. Utoto wowala woopa kuwala. Ndaseka, iwo sanaseke. Akutinso wa DNA uja sakhudza popanda magolovesi, ndipo kunyumba kokhala mwana usayandikireko.

Ndafunsa ngati ulipo wa ife anthu wamba.

Ulipo. Ufa wofiirira ngati njerwa, m'chitini pashelefu. Amauthira m'sipuleya pofuna kuona pomwe mankhwala akugwera patsamba. Akuti ndi mtundu womwe anamwino amadontheza m'maso poyeza diso, siwoopsa. Anditapira pang'ono papepala, andibwerekanso katochi kakuda kotulutsa kuwala kwa mtundu wa pepo, komwe amaunikira patebulo kuona ngati ndapukuta bwino.

"Mukufuna kuika pa chiyani?"

Ndati katundu wa kunyumba. Si bodza.

Anayamba kunena zina za galu ndi belu, koma foni yawo inalira, inenso mutu unali utafika kale pachingwe.

Kunyumba ndasungunula ufawo m'beseni. Ufa wofiirira, madzi obiriwira ngati ndulu ya mbuzi. Zodabwitsa. Poona kuti ukuoneka wochepa, ndathira wonse. Ndaviika ngodya ya thewera lililonse, kuyambira abwino, kusiya limodzi lokha loyerekezera. Chala changa chachikulu chabiriwira mpaka m'chikhadabo.

Amake Tamanda: "Mukutani?"

Ndati sayansi.

"Sayansiyo ikathimbirira muchapa nokha."

Ndayesa m'khitchini, nditafunda bulangeti kumutu kuti pade. Ngodya iliyonse ikuwala ngati diso la mphaka. Ndaunikanso thewera limodzi losapaka: zii. Zikugwira ntchito!

Dongosolo ndi losavuta. Thewera likasowa, ndiyenda ndi tochi. Sindifunsa munthu, sindikangana ndi munthu. Mkamwini ali chete, utoto ukuyankhula.

Tamanda wadya phala lonse, wandimenya ndi supuni pamphuno. Tsiku labwino.

Lachitatu, 14 Januwale

Dzuwa kuyambira m'mawa. Azimayi onse achapa, chingwe chadzaza.

Masana ndabwera kudzadya, ndawerenga ndi maso: limodzi palibe. Mtima phaa, koma ndasangalalanso, chifukwa msampha wagwira. Ndaganiza zoyamba ndi zovala za mlamu Felesiya, poti wakuba wanzeru angayanike pachingwe chomwecho.

Chovuta choyamba: tochiyi padzuwa sionetsa kanthu. Ndatenga bulangeti. Ndalowa nalo pansi pa chingwe, kufundira mutu wanga pamodzi ndi chovala chomwe ndikuchiyeza.

Chovuta chachiwiri: chilichonse choyera chikuwala. Osati kubiriwira, koma buluu wothobwa m'maso. Matewera a Felesiya akuwala. Nsalu ya patebulo ikuwala. Yunifolomu ya apongozi ya Mvano ikuwala ngati mngelo. Thewera lija ndinayesa dzulo silinawale chifukwa amake Tamanda amachapira sopo wa mtanda. Ena onse pano amachapira wa ufa. A Dokotala madzulo ano akuti n'zodziwika, m'sopo wa ufa amaikamo zowalitsa dala, ndipo ku labu nakonso amavutika ndi zinthu zowala zokha popanda kuzipempha, ngakhale tsamba la fodya limafiira lokha. Bwenzi atandiuza dzulo.

Chovuta chachitatu sindikufuna kuchilemba, koma ndilemba.

Ndikuyenda chokwawa, chovala ndi chovala, ndafika pa china chachikulu, choyera, cha leyisi m'munsi. Chikuwala kuposa zonse. Ndikuchiyang'anitsitsa kuti ndione ngati pali pobiriwira, ndamva kutsokomola. Ndayang'ana pansi pa bulangeti. Mapatapata abuluu, limodzi lomangidwa ndi waya. Ndimawadziwa mapatapata amenewa, ndakhala ndikuwathawa kuyambira tsiku la chinkhoswe.

Pitikoti ya apongozi ili m'manja mwanga. Apongozi ali chilili pambali panga.

Mwambo umati mkamwini akakumana ndi apongozi apatuke. Ndapatuka. Ndi bulangeti kumutu, kudutsa pa khola la nkhunda, kulowa m'chimanga. Ana a pamudzi akuthamangira kumbuyo kwanga, akuti kwatuluka gule.

Nsima sindinadye. Ndabwerera kuntchito kudzera kudambo.

Amake Tamanda madzulo: "Amayi akufunsa ngati kwanu kuli matenda a mutu."

Ndati ayi.

"Ndawauza kuti ndi sayansi. Akuti apemphera."

Lachinayi, 15 Januwale

Mvula yayamba anthu atayanika kale, tonse tili kumunda kuchotsa mphukira za fodya. Pofika kunyumba, utoto wayenda. Watsika m'ngodya, wayenderera m'chingwe, wadonthera paliponse. Sipakufunikanso tochi.

Zobiriwira tsopano:
matewera a Felesiya
duku la Felesiya
malaya anga oyera a kutchalitchi
yunifolomu ya Mvano, paphewa
mbuzi, poti inabisala pansi pa chingwe
nkhuku yoyera ya apongozi

Malinga ndi sayansi, mudzi wonse ndi wakuba, kuphatikizapo ine.

Felesiya, akuuza mbuzi yake mokweza kuti ndimve: "Ena akabwera pamudzi amabweretsa malata. Ena utoto."

Izi ndikadapirira. Koma ndalowa m'nyumba, Tamanda ali pamphasa, akuyamwa ngodya ya thewera, akuseka. Milomo yobiriwira. Ndatseka chitseko, ndaunika. M'kamwa monse mukuwala, lilime, nkhama, timano tiwiri tija. Mwana wanga akuwala ngati tsamba lodwala la pa maikulosikopu.

Ndamumanga kumsana ndi chitenje, ine mwamuna, ndakwera njinga m'matope momwemo. Amake akuthamanga kumbuyo, akukuwa kuti ndisiye mwana. Anthu a pagolosale aimirira kuonerera. Ndafika ku labu ndili thope mpaka m'makutu.

A Dokotala amuyang'ana Tamanda. Tamanda wawagwira magalasi. Afunsa kuti ndi ufa uti, ndati womwe munandipatsa, wa m'filiji sindinaukhudze. Apuma. Akuti apukutidwe m'kamwa, ayamwe, mkodzo ukhoza kubiriwira pang'ono lero tisadabwe, ndipo akatentha thupi kapena kusanza tipite kuchipatala, osati kwa dokotala wa fodya.

"Katundu wa kunyumba uja ndi ameneyu?"

Ndafotokoza zonse. Za matewera, za bulangeti. Za pitikoti ndadumpha. Aseka mpaka kukhala pansi. Kenako andiuza za galu ndi belu zija ndinaziphonya.

Akuti utoto pawokha ndi chitsiru, umakhala paliponse pomwe wagwera. Iwo amaumangirira kaye ku kanthu kodziwa fungo la kachirombo kamodzi kokhako, monga belu pakhosi pa galu wosaka. Galu akagwira nyama, belu limalira pomwepo. Akatha kupaka amatsuka, n'kutsukanso, kuti utoto wongoyendayenda uchoke. Chotsala chowala ndicho choona.

"Inu mwaponya belu m'tchire popanda galu."

Tochi aitenga.

Amake Tamanda afika akupuma wefuwefu, alanda mwana, abwerera naye kunyumba. Tamanda wagona bwino masana onse. Mkodzo wabiriwira pang'ono. Sindinadabwe, koma ndinayang'ana kangapo.

Lachisanu, 16 Januwale

Tamanda ali bwinobwino. Wadya, waseka, wang'amba kalendala.

Ine ndachapa. Zonse. Za Felesiya, za Mvano, zanga. Mbuzi yakana. Azimayi a pachitsime akhala mozungulira ngati kuli mpira. Wina akuti, "Mkamwini wotere ngwosowa, mumupatse thobwa." Zambiri zayera. Zotsala zazilala padzuwa, monga ananenera a Dokotala kuti utotowu umaopa kuwala. Malaya anga akana, chifukwa ndi omwe anali pansi pa thewera lomwe ndinaviika kwambiri, ndipo ngodya za matewera abwino aja zikuonekabe kubiriwira pang'ono.

Choncho msampha wonse wachapidwa ndi manja anga omwe. Matewera omwe anasowa akadali osowa.

Ku labu ndaonerera a Dokotala akutsuka timagalasi tawo. Kuthira timadzi, kudikira, kutaya, kuthiranso. Osathamanga. Lero ndamvetsa chomwe amachedwera. Ndinkayesa ndi ulesi wa anthu ophunzira.

Pobwerera ndaona chinthu chomwe chandilanda njala.

Apongozi akuchokera njira ya ku esiteti, dengu pamutu. Ndapatukira kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse. Akudutsa, ndaona pansi pa dengulo: banga lobiriwira. Dengu silinali pachingwe tsiku la mvula. Dengu limakhala m'nyumba mwawo. Labiriwira bwanji, ngati simunalowe thewera lonyowa?

Wachitatu uja pa amene ndinkawakayikira.

Agogo ake a mwana. Amene amamuyangata tsiku lonse, amamutafunira mbatata. Ndakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka nyerere zandiluma. Mkamwini akanene kwa yani? Kwa ankhoswe? Ndikanene kuti umboni wanga ndi dengu, ine yemwe dzana anandipeza ndi pitikoti?

Ndauza amake Tamanda monong'ona. Andisunthira mbale. Kenako akuti, "Idyani, ndiwo zikuzizira."

Ndadya pang'ono. Tamanda ndamugoneka mbali yanga ya mphasa.

Loweruka, 17 Januwale

Theka la tsiku kuntchito. A Dokotala andituma masamba ku munda wa kumapeto, komwe kumakhala matenanti. Sindinafikeko chiyambire. Tinyumba ta udzu, zigafa zoyanikamo fodya, ana ambiri.

Ndikudula masamba ofota, ndakweza maso. M'chigafa, pamthunzi, pakati pa fodya woyamba kuthyola, payanikidwa matewera. Awiri ali ndi ngodya yobiriwira, yowala bwino, poti dzuwa silifikamo. Lachitatu ndi lofewa lija la ku Boma.

Ndaimika njinga. Ndakonza mawu m'mutu, aukali koma aulemu.

Watuluka mayi wamng'ono, woonda, kakhanda kali pachifuwa. Kakhanda kochepa ngati botolo la fanta. Akuti dzina lake Esnati, kwawo ku Mulanje, anabwera ndi amuna ake chaka chathachi kudzalima fodya. Mwana anabadwa pa Khirisimasi, masiku asanakwane. Matenanti salandira kanthu mpaka fodya atagulitsidwa, ndiye ankamukulunga m'zidutswa za thumba la feteleza, khungu mpaka kusupuka.

Ndaloza matewera, mawu aukali aja asanatuluke, iye wayang'ana chala changa chobiriwira. Wayang'ana ngodya ya thewera. Wagwada pansi, m'matope.

"Ndinu bambo a Tamanda? Amayi a Mvano aja amati ndinu mumatumiza. Amati mkamwini wawo ndi munthu wachifundo, koma wamanyazi, safuna kutchulidwa."

Waitana amuna ake kumunda. Amuna ake avula chipewa, andigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti aona chizindikiro chomwe ndayamba kuikapo, aganiza kuti ndi cha mpingo.

Ndati zikomo. Ndati si kanthu. Ndati mwana akule. Ndinene chiyani?

Andipatsa nkhaka ziwiri. Ndafunsa ngati kakhandako kakuyamwa bwino, ngati kakutsokomola, ngati akukafunditsa kumutu. Ndawauza kuti ngodya yobiriwirayo aichape kaye, mwana asayamwe. Ndaiwala bokosi la masamba, ndabwerera kukalitenga, andithokozanso.

Kunyumba ndafunsa amake Tamanda ngati ankadziwa.

"Ndimachotsa pachingwe ndine. Amayi amangonyamula."

Nanga osandiuza?

"Inu? Munthu woti Tamanda akayetsemula mumafuna kubwereka ngolo? Mukadati mwana wathu atsala ndi chiyani, mukadati matenda a kumatenanti abwera ndi dengu. Amayi anati musiyeni, adzadziwa akakula."

Ndili ndi mwana, ndili ndi ndevu. Akakula.

Nkhaka zinali zokoma.

Lamulungu, 18 Januwale

Kutchalitchi ndavala malaya a buluu a kuntchito. Oyera aja amake Tamanda awadula kale m'mawa, akuti banga silichoka ndipo nsalu yake ndi yofewa bwino. Atuluka matewera awiri ndi kansalu kopukutira mphuno. Tamanda wavala limodzi, thumba la pachifuwa lili kumatako.

Ulaliki unali wa dzanja lamanja ndi lamanzere, lina lisadziwe chomwe linzake likupereka. Kwa ine onse awiri sankadziwa.

Titaweruka, apongozi aima pabwalo, msana kwa ine, nkhope ku mtengo wa mango. Ine kuseri kwa nkhokwe. Akuyankhula ndi mwana wawo, koma mawu okwanira mudzi wonse.

"Uwauze abambo a Tamanda kuti chizindikiro chawo chatithandiza. Lililonse lomwe likuonekabe kubiriwira ndi la kwa Esnati, tisamasokoneze. Uwauzenso kuti pitikoti ija ndi yanga, sinasowe."

Felesiya waseka mpaka kutsamwa.

Omwe akuonekabe kubiriwira ndi abwino aja, poti ndi omwe ndinayamba kuviika utoto uli wambiri. Apita onse m'dengu. Tamanda watsala ndi ong'ambika ndi malaya anga. Sakudandaula. Akukwawa pabwalo, akuthamangitsa nkhuku yobiriwira.

Kenako apongozi atumiza mbale ya nkhuku, osati yobiriwirayo, ina. Chiyambire ukwati sanatumizepo. Mulinso nthutumba. Amake Tamanda akuti ndisafunse tanthauzo, ndingodya.

Mawa ku labu. A Dokotala akuti ayesa utoto wofiira watsopano, ndikaone. Ndikaona, koma sindipempha.

Chala chidakali chobiriwira. Ndakhala pakhonde ndikuchiyang'ana. Sabata yonse ya sayansi, wakuba sanapezeke, matewera achepa kuposa Lolemba, malaya apita. Chingwe ndi cha apongozi, mango ndi a apongozi, ndipo kuno amati mwana ndi wa kwa amake, bambo ndi tambala wobwereka. Chabwino, sinditsutsa.

Koma Lachinayi ndinatseka chitseko, ndinaunika, ndinaona ndi maso anga. Pamudzi ponse pano, anthu owala mtundu umodzi tinalipo awiri.